Napolo wa m'phiri ndi Napolo wa m'ndakatulo



Sabata ino tikufuna tisinkhesinkhe limodzi za chinthu chimene chidatichitikira ife a gulu la achinyamata, chimene mpaka lero chimatigwetsa nkhope tikachikumbukira. M'mwezi wa Marichi 2024, patatha chaka chimodzi chiwombereni namondwe wa Freddy, tidakonza madzulo a ndakatulo m'holo ya parishi kuti tikumbukire abale athu amene adapita ndi madzi. Tidasesa, tidayala mabenchi, tidabwereka chimkuzamawu kwa a kwaya, ndipo aliyense amene adali ndi kanthu kolakatula tidamulemba pamndandanda. Anthu adabwera ambiri kuposa m'mene tinkayembekezera, pakuti m'dera lathu lino ndi mabanja owerengeka okha amene mvula ya chaka chimenecho sidawasiyire chipsera.

Chakumapeto kwa mwambowo kudaimirira mtsikana wina wa Fomu 3, mmodzi mwa anzathu amene samveka mawu pamisonkhano. Ndakatulo yake inkanena za phiri limene iye adakula akuliona ngati mthunzi wa mudzi wawo, limene m'mawa wina lidang'ambika n'kutumiza madzi pabwalo pawo. Madziwo adazula malata a nyumba yatsopano limodzilimodzi, adanyamula makina osokera a mayi ake, adatenga njinga ndi matumba a chimanga, n'kusiya mayiwo atakhala pamphasa patsinde pa mango. Penapake adanena kuti madziwo ankadziwa ndi pobisa makiyi pomwe. Atamaliza tidawomba m'manja, amayi ena adapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ndipo wotsogolera mwambo adamuthokoza chifukwa chotikumbutsa nkhanza za Freddy.

Tikubweza mabenchi, mnyamata wina wa m'gulu lathu, amene mlongo wake adakwiririka m'matope usiku wa chigumula chija, adatipeza nkhope ili tsinya. Adati: "Anzanga, nonse mukudziwa kuti kwa mtsikana uja madzi sadafikeko. Nyumba yawo ili kutali ndi khwawa. Nanga akuliriranji maliro a eni ake?" Tidasowa chomuyankha. Koma mayi wina wachikulire wa m'limana lathu, amene adatsalira kuti atithandize kusesa, adaimika tsache nati: "Ana inu, mwamva ndi makutu okha. Madzi ake ati odziwa pokhala makiyi?" Pamenepo adatikumbutsa zimene tonse tinkazidziwa koma sitidazilumikize. Bambo a mtsikanayo adamwalira ndi matenda miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo maliro atangotha, achibale akuchimuna adabwera ndi ngolo n'kupulula m'nyumba monse. Ena mwa iwo adali m'holomo madzulo amenewo, ndipo nawonso adawomba m'manja.

Kuyambira tsiku limenelo mafunso awiri akhala akutisowetsa mtendere. Loyamba ndi lakuti, n'chifukwa chiyani munthu amene walakwiridwa ndi anthu anzake amakabwereka mvula, phiri ndi mphepo kuti anene chisoni chake? Lachiwiri ndi la mnzathu uja: kodi n'chilungamo kutenga tsoka limene lidapha anthu enieni n'kulisandutsa fanizo la mkangano wa pachibale? Pofuna mayankho tidabwerera ku ndakatulo zimene ena a ife tidaziphunzira kusukulu mongofuna kukhoza mayeso, ndipo tidapeza kuti mtsikanayo adadzera njira imene alakatuli akuluakulu a dziko lino adaiponda kalekale.

Tiyambe ndi Napolo mwini wake. Makolo a m'madera a Zomba, Mulanje ndi Phalombe ankati pansi pa mapiri pamakhala chinjoka chachikulu, ndipo chikafuna kusamuka kupita kunyanja chimang'amba phiri n'kukokolola chilichonse chopezeka m'njira yake. Anthu a ku Zomba adatchula dzina limeneli mu Disembala 1946, pamene mvula yamphamvu idagumula mbali za phiri n'kuwononga milatho ndi nyumba m'tauniyo, ndipo nyimbo ya abale a Paseli yonena za Napolo idasunga chikumbutso cha tsokalo kwa zaka zambiri pa wailesi. Ku Phalombe dzinali lidamvekanso mu Marichi 1991, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Mu Marichi 2023 lidamveka ku Chilobwe m'tsinde mwa Soche, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi m'madera ena a kummwera. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo oposa theka la miliyoni adasowa pokhala.

Akatswiri a za nthaka amalongosola zomwezi mosatchula njoka. M'mapiri athu otsetsereka dothi limangokhala pamwamba pa thanthwe. Mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, madzi amalowa m'dothimo mpaka kulikhutitsa. Dothilo limalemera, kugwirana kwake ndi thanthwe kumachepa, ndipo pamene mitengo idatha kudulidwa sipakhalanso mizu yoti iligwire. Kenaka m'kanthawi kochepa zonse zimaguluka, matope kunyamula miyala ndi zitsa kutsikira nazo kumidzi. Amene ali m'munsi amaona ngati tsoka lawagwera mwadzidzidzi, chonsecho lakhala likukonzeka mwakachetechete kwa masiku angapo, mwinanso kwa zaka zonse zimene nkhwangwa zinkalira m'phirimo.

Apa ndi pamene pagona chifukwa choyamba chimene alakatuli amakondera mphamvu za chilengedwe. Mikangano ya anthu imayenda m'njira yomweyi. Udani wa pachibale suyamba tsiku la maliro. Umakhala ukunyowa pansi kuyambira pa ngongole imene sidabwezedwe, kapena pa mawu amene wina adalankhula pa chinkhoswe zaka khumi zapitazo. Mlakatuli akati phiri lang'ambika, m'mawu awiri okhawo wanena kuti chinthuchi chidayamba kale, komanso kuti mapeto ake adabwera mofulumira. Wanenanso kusiyana kwa mphamvu. Mwana wamasiye pamaso pa abambo ake aang'ono ndi azakhali ake amadziona ngati munthu woima kutsogolo kwa chigumula, chimene sangachidandaulire kapena kuchiimitsa. Mawu wamba akuti "adatilanda katundu" ndi oona, koma sanyamula mantha amene mwanayo adamva m'mawa umenewo. Madzi amatha kuwanyamula, chifukwa aliyense wa ife adaimapo m'mphepete mwa mtsinje wodzaza n'kumva miyendo ikulefuka.

Ambiri timakumbukira ndakatulo ya David Rubadiri yotchedwa An African Thunderstorm, imene imawerengedwa m'sukulu za m'mayiko ambiri. Ukaiwerenga mosafatsa ndi nkhani ya mvula yamkuntho imene ikubwera kuchokera kuzambwe n'kufika pamudzi: ana akusangalala poiona, amayi obereka ana kumbuyo akuthamangathamanga, mitengo ikuwerama. Mulibe dzina la boma, la mzungu kapena la msilikali. Komabe owerenga ambiri amaonamo kubwera kwa atsamunda, mphamvu yochokera kunja imene idafika pamudzi osaodira. Kuwerenga kotere sikungochokera m'mutu mwa aphunzitsi ayi. Rubadiri adamangidwapo pa nthawi ya chipwirikiti cha mu 1959, adakhala kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations, ndipo mu 1965 adatula pansi udindowo atasemphana maganizo ndi boma la Dr Hastings Kamuzu Banda, n'kukhala kunja kwa dziko zaka zambiri. Munthu wotere ankadziwa kuti mkuntho umodzi womwewo ena amaulandira ndi nthungululu pamene ena akuthamangira kukabisa ana.

Chifukwa chachiwiri ndi chitetezo. Mvula sungaitengere kubwalo la milandu, ndipo wonena za mvula n'kovuta kumuimba mlandu. M'nthawi ya chipani chimodzi, kutchula poyera cholakwa cha akuluakulu kunkatha kumusowetsa munthu usiku umodzi. Kuyambira mu 1968 padali lamulo ndi bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi masewero zisanafike kwa anthu. M'nyengo yotereyi ndi m'mene ophunzira ndi aphunzitsi a pa Chancellor College adayambitsa gulu la alembi mu 1970, lokumana kuti aziwerengerana zolemba zawo. Podziwa kuti m'chipinda chilichonse mukhoza kukhala khutu la boma, adatembenukira ku nthano za makolo, ku nyama, ku mapiri ndi ku nyengo. Adaphunzira kuzimbayitsa mawu kuti womva amve, ndipo wofuna kuwamanga asowe pogwira.

Steve Chimombo, mwana wa ku Zomba amene adabadwa mu 1945 n'kumwalira mu 2015, ndiye adatenga Napolo n'kumusandutsa mutu wa ndakatulo zake kwa zaka zambiri. Buku lake la Napolo Poems lidatuluka mu 1987, ndipo lina lotchedwa Napolo and the Python lidatuluka mu 1994. Taganizirani m'mene dzinali linkamvekera kwa munthu wa nthawi imeneyo. Napolo amabwera usiku. Sanena kuti adzera njira iti. Amatenga nyumba iyi n'kusiya yoyandikana nayo popanda chifukwa chooneka. Akadutsa, otsala amalankhula za iye monong'ona. Amene adaonapo galimoto ya apolisi achinsinsi itaima pakhomo pa mnansi wawo mbandakucha sankafunika wowamasulira. Koma wounika mabuku akafunsa, yankho lidalipo lokonzeka: iyi ndi nthano ya makolo yonena za chigumula cha ku Zomba.

Tisaganize kuti chobisaliramo chimenechi chidali cholimba nthawi zonse. Jack Mapanje, wochokera ku Mangochi, adatulutsa buku la Of Chameleons and Gods mu 1981. Dzina lokhalo likutchula birimankhwe, kanyama kamene kamasintha mtundu kuti kapulumuke, ndipo ndi m'mene mlakatuli wa masiku amenewo ankayenera kukhalira. Komabe bukulo lidachotsedwa m'masitolo ndi m'malaibulale, ndipo mu Seputembala 1987 mwini wake, amene adali mkulu wa gawo la Chingerezi pa Chancellor College, adagwidwa ku Zomba. Adakhala m'ndende ya Mikuyu mpaka mu Meyi 1991 popanda kuzengedwa mlandu uliwonse. Izi zikutiphunzitsa kuti olamulira nawo ankamva mikuluwiko. Akadakhulupirira kuti ndakatulozo zinkangonena za nyama ndi mapiri, sakadavutika kutsekera mphunzitsi zaka zitatu ndi miyezi yoposa isanu ndi iwiri.

Tsono pali mbali ina imene tiyenera kuchenjera nayo. Si olakwiridwa okha amene amabwereka mawu a chilengedwe. Amphamvu nawonso amatero, ndipo amatero ndi cholinga china. Mtsogoleri ankatamandidwa kuti ndi mkango, ndipo otsutsa ankaopsezedwa kuti adzakhala nyama ya ng'ona. Mkango ukagwira mbawala palibe amaufunsa chifukwa, pakuti ndi chibadwa chake. Taonaninso zimene zidachitika mu Meyi 1983, pamene nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, adapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza. Dziko lidauzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. Kafukufuku amene adakhazikitsidwa mu 1994 adapeza kuti anthuwa adachita kuphedwa ndi apolisi, ngakhale kuti akuluakulu amene adazengedwa mlanduwo mu 1995 khoti lidawapeza osalakwa. Liwu lakuti ngozi lidagwira ntchito yochotsa dzanja la munthu pa imfa zinayi, kuti zioneke ngati mphezi imene yangogwa.

Nafenso timachita zomwezo m'zinthu zazing'ono. Banja likatha chifukwa cha nkhanza timati lakumana ndi mafunde. Ndalama za gulu zikasowa timati zalowa m'madzi. Mayi wamasiye akalandidwa timapukusa mitu n'kunena kuti ndi m'mene kunja kuno kuliri. Mawu otere amatonthoza, koma amasandutsa zochita za munthu kukhala nyengo, ndipo nyengo palibe amaiuza kuti ilape kapena ibweze. Ndiye kusiyana kwa fanizo lobisa wolakwa ndi fanizo lomuloza kuli pati, popeza onse awiri akutchula madzi? Ife tidakupeza pa makiyi aja. Ndakatulo yoona imasiya phazi la munthu m'matopemo. Imaikamo kanthu kamodzi kamene madzi enieni sangachite, kuti womvetsera adzidzimuke n'kufunsa kuti, kodi ameneyu ndani? Mtsikana uja adatisiyira phazi loonekeratu. Ndife amene tidalidumpha, mwina chifukwa kulira Freddy kudali kopepuka kuposa kuyang'ana anthu amene tidakhala nawo benchi limodzi.

Luso limeneli timalimva Lamulungu lililonse, kungoti tidalizolowera. Masalimo ndi ndakatulo, ndipo ndi odzaza ndi madzi, matope ndi mikuntho. Salimo 124 limayamba ndi kunena poyera kuti amene adaukira Aisraele adali anthu, kenaka ndi pamene limawafanizira ndi madzi osefukira amene akadawakokolola. Salimo 69 limayamba ndi munthu amene akumira m'madzi ndi m'thope lozama, koma tikapitirira timapeza kuti chikumumiza ndi anthu omuda popanda chifukwa, ndipo ngakhale abale ake enieni amutaya ngati mlendo. Mlakatuli wa m'Baibulo salola kuti tithere pa madziwo. Amatigwira dzanja kuchokera ku chigumula n'kukatiimika pamaso pa anthu. Tikadakhala kuti timamvetsera salimo la pa Misa monga ndakatulo, osangodikira mawu obwereza, bwenzi madzulo aja titamva msanga zimene mnzathu ankatiuza.

Mbiri ya dziko lathu ikutionetsanso kuti mkuluwiko uli ndi malire ake. Ndakatulo za Napolo ndi za birimankhwe zidasunga chikumbumtima cha anthu chili maso m'zaka zimene pakamwa padali potseka, ndipo ntchito imeneyo sidali yaing'ono. Koma idafika nthawi yoti wina anene mosapsatira. Pa 8 Marichi 1992 kalata ya maepiskopi athu ya nyengo ya Lenti idawerengedwa m'matchalitchi a Chikatolika m'dziko lonse. Idatchula poyera za kumanga anthu popanda mlandu, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, ndi za mantha amene ankatseka anthu pakamwa. Boma lidaitcha kalata youkira, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko muno. Patangotha chaka ndi miyezi itatu, pa 14 Juni 1993, Amalawi adavotera zipani zambiri pa riferendamu. Alakatuli adalira mophiphiritsa kwa zaka makumi awiri, ndipo kulirako kunkadikira anthu okhala ndi udindo woti akumasulire m'mawu omveka kwa aliyense.

Nanga funso la mnzathu wotaya mlongo uja? Sitikufuna kulichepetsa, chifukwa muli choonadi. Kwa iye Napolo si fanizo. Ndi phokoso limene adalimva mumdima, ndi khasu limene adakumbira nalo matope masiku atatu. Mlakatuli amene amatchula chigumula mongokometsera mawu, ngati munthu wothira mchere m'ndiwo, amanyoza manda a anthu. Wofuna kubwereka dzina la Napolo ayenera kukhala ndi chisoni cholemera mokwanira kuti chiyenerane nalo. Ife tikuona kuti mwana amene m'sabata imodzi wataya bambo, denga, chakudya ndi achibale amene ankawadalira, sadabwereke dzinalo mwachibwana. Makolo adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Awiriwa adaona zinthu zosiyana, koma onse adadzuka m'mawa wina n'kupeza kuti chimene ankachiyesa cholimba chasuntha.

Ndipo tikafatsa, ngakhale m'chigumula chenichenicho muli mapazi a anthu. Namondwe sadapangidwe ndi munthu, koma si namondwe amene adasankha kuti osauka a mumzinda amange m'malo otsetsereka ndi m'mphepete mwa makwawa. Adawakankhira kumeneko ndi kukwera mtengo kwa malo abwino. Si namondwe amene adameta mapiri. Ndi nkhwangwa zathu, ndi makala amene timaphikira tonsefe chifukwa magetsi ndi osafika kwa ambiri. Asayansi amanenanso kuti kutentha kwa dziko kukuchititsa kuti anamondwe azibwera ndi mvula yochuluka, pamene mayiko ngati lathu ndi amene amatulutsa utsi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mayiko olemera. Madzi saiwala khwawa, koma amene amagona m'khwawamo amasankhidwa ndi umphawi. Choncho ndakatulo yonena za Freddy yeniyeni, ikakhala yoona, nayonso idzafika pa mkangano wa anthu.

Mwina mukufunsa kuti tidachitapo chiyani. Sitidachite zazikulu. Patatha sabata ziwiri, atatu a ife tidapita ndi mayi wachikulire uja kukaona mayi a mtsikanayo. Tidawapeza akusoka pamanja mayunifolomu amene kale ankasoka pa makina. Poyamba adakana kuti nkhaniyo ipite patali. Adati: "Ana anga, amenewa ndi abale a malemu amuna anga. Ana angawa mawa adzawafuna." Tidawafotokozera zimene tidafunsa kwa odziwa, kuti lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma chotere ndi mlandu. Sadafune za kukhoti, ndipo tidalemekeza maganizo awo. Adalola kuti akuluakulu a limana ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri akhale pansi. Zokambiranazo zidatenga miyezi. Makina osokera adabwerera, ndi njinga yomwe. Malata adali atakhomedwa kale padenga la munthu wina, ndipo mpaka lero ali pomwepo.

Mnyamata uja sadapite nafe. Koma pa msonkhano wina wa gulu, mvula ikugwa padenga la holo mpaka kutisowetsa kumvana, tidamuona atasendera pafupi ndi mtsikanayo. Adamuuza kuti: "Achemwali, tsiku lija ndidakukwiyirani. Ndinkaona ngati mwaba maliro athu." Mtsikanayo adayankha kuti: "Achimwene, ndikadatchula mayina m'holo muja, amayi akadagona kuti usiku umenewo?" Sadapitirize. Onse awiri adakhala chete kumvetsera mvulayo, ndipo ife tidaona kuti si pofunika kuwonjezerapo mawu.

Kwa inu amene mumalemba ndakatulo, ndipo tikudziwa kuti mulipo ambiri amene mumabisa makope pansi pa matiresi, tikuti lembani. Ngati simungathe kutchula chimene chikukupwetekani, tchulani mwera wa panyanja, chilala, kamvuluvulu kapena chiperoni chimene chimabisa dzuwa masiku atatu. Alakatuli aakulu adatero musanabadwe. Koma musakwirire munthu m'madzimo mpaka kusowa. Siyani phazi lake pena pake, kuti amene ali ndi makutu alipeze. Ndipo musatchule tsoka la anzanu mopepuka, pakuti pakati pa omvera anu pakhoza kukhala wina amene adalikumba ndi manja.

Kwa ife tonse omvetsera, ntchito yathu ndiyo yaikulu. Mwana wa m'nyumba mwathu, mnzathu wa m'kwaya kapena wophunzira wathu akayamba kulemba za mitsinje yolusa ndi mitengo yozuka, tisathamangire kuyamikira Chichewa chake chokha. Tidikire anthu abalalike, timupeze pambali, timufunse modekha kuti madzi akewo adalowera khomo liti. Mwina adzati ndi ndakatulo chabe, ndipo tidzamusiya. Mwinanso wakhala akudikira kwa miyezi kuti wina amufunse.

Chaka chino tikadzakonzanso madzulo a ndakatulo, tagwirizana kuti pakutha pa ndakatulo iliyonse tizikhala chete kamphindi tisanawombe m'manja. Mayi wachikulire uja tamupempha kuti adzakhale kutsogolo.